Ntchito ya QC pafakitale yosoka zovala: kuchokera pampukutu wa nsalu kufika pakatoni

Mu Lilongwe muno, kuyambira ku Kanengo mpaka m'mashedi a ku Old Town, muli malo amene amasoka zovala mazanamazana pa oda imodzi: mayunifolomu a ana asukulu, maovololo, zovala za alonda ndi za anamwino, matisheti a pamisonkhano. Nsalu yambiri imachokera kunja, ku China, ku India ndi ku Tanzania. Ina imachokera ku Blantyre, kufakitale ya David Whitehead imene a Mapeto anaitenga mu 2003. Pakati pa mpukutu umene ukutsitsidwa m'lole ndi katoni ya zovala imene ikupita kwa kasitomala pamafunika munthu wonena kuti ichi chipite, ichi chibwerere. Pafakitale amamutchula kuti wa QC (quality control, kutanthauza kuonetsetsa kuti katundu ndi wabwino), ena amangoti cheka.

Ambiri olowa kumene ntchitoyi amaganiza kuti ndi yokhala kumapeto kwa mzere wa makina n'kumatembenuza malaya ndi kudula timaulusi. Imeneyo ndi mbali yochepa chabe. Cholakwika chimene mwachipeza malaya atasokedwa kale ndiye kuti chadya nsalu, ulusi, magetsi ndi tsiku lonse la telala. Mukanachipeza nsalu ikadali pampukutu, bwenzi mutangoibweza kwa wogulitsa osataya kanthu. N'chifukwa chake malangizo awa akhalitsa kwambiri pa zochitika singano isanabaye nsalu.

Yambani ndi muyezo wolembedwa

Oda iliyonse isanayambe, pemphani zinthu ziwiri: pepala la miyezo ndi sampulo imene kasitomala anavomereza. Pepala la miyezo limanena nsalu yofunika, kulemera kwake, ulusi, mabatani, kukula kwa chifuwa, chiuno, mkono ndi kolala pa saizi iliyonse. Limanenanso kusiyana kumene kasitomala angalole, mwachitsanzo sentimita 1 pachifuwa ndi theka la sentimita pakolala. Sampulo ikhale yosainidwa ndi yolembedwa tsiku. Muisunge m'pulasitiki kutali ndi dzuwa, poti ikasuluka ndiye kuti mudzikayesa katundu yense ndi mtundu wolakwika.

Kuno kwathu maoda ambiri amabwera pakamwa kapena pa WhatsApp. Ahedi a sukulu amatumiza chithunzi n'kunena kuti, "Buluu wake akhale yemweyu." Musayambe ntchito ndi chithunzi cha pafoni, chifukwa foni iliyonse imaonetsa buluu wakewake. Pemphani yunifolomu yeniyeni, apo ayi dulani kachidutswa ka nsalu imene mukufuna kusokera, mukamate papepala, ahediwo asainepo. Kukhala kutali kwa sukuluyo kusakugwetseni ulesi. Pepala limenelo ndi limene lidzakuyankhireni makolo akadzayamba kudandaula.

Zida zanu si zambiri: tepi yoyezera yokhala ndi mainchi mbali ina masentimita mbali ina, rula yachitsulo, choko, timapepala tomata posonyeza vuto, kasizasi, ndi kabuku. Tepi imatamuka ikakalamba, choncho muziifanizira ndi rula yachitsulo nthawi ndi nthawi, ndipo aliyense pafakitalepo, wodula ndi wosoka yemwe, tepi yake igwirizane ndi yanu. Kayezetseninso maso kuchipatala, makamaka mayeso a kusiyanitsa mitundu. Vuto losasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira limapezeka kwambiri mwa amuna, ndipo ambiri amakula nalo osadziwa.

Nsalu ikafika

Musalole kuti mpukutu uchoke m'lole n'kulunjika patebulo lodulira, ngakhale oda ikhale yachangu bwanji. Nsalu ikadulidwa, wogulitsa saivomeranso.

Werengani mipukutu, muone ngati nambala za pamalebulo zikugwirizana ndi invoisi. Patsani mpukutu uliwonse nambala yanuyanu. Ndiyeno sankhani yoti muitambasule: mwambo wa ntchitoyi ndi kuyang'ana osachepera 10 peresenti ya nsalu yonse, kutenga pa mtundu uliwonse ndi pa gulu lililonse lonyikidwa utoto pamodzi. Ngati mipukutu ndi yochepa, kapena wogulitsayo ndi watsopano, ine ndinganene kuti tambasulani yonse. Sankhani nokha, osati kulandira imene akupatsani a kusitolo, ndipo ina itengeni pansi pa mulu.

Mafakitale akuluakulu ali ndi makina otambasulira nsalu pagalasi lowala. Ngati palibe, tebulo lalitali pafupi ndi windo ndi anthu awiri okoka zikwanira. Yezani mulifupi koyambirira, pakati ndi kumapeto kwa mpukutu, osawerengera m'mphepete molimba muja mmene simusokedwa. Nsalu yogulidwa ngati ya mainchi 58 ikapezeka ya mainchi 56, mapatani sakwananso mmene anawayalira, ndipo nsalu idzathera oda isanathe. Yezaninso kutalika. Mpukutu wolembedwa mamita 50 wopezeka ndi 47 si chinthu chachilendo.

Kenako kokani nsaluyo pang'onopang'ono, maso ali pamenepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukufunafuna zibowo, ulusi woduka kapena wosowa umene umasiya kanjira koonekera, timfundo, ulusi wonenepa kuposa unzake, madontho a oilo, mizere yopingasa ya mtundu wosiyana, ndi pamene maluwa kapena zilembo sanadinde bwino. Paliponse pamene mwapeza, matanipo kapepala m'mphepete kuti wodula adzapaone.

Kuti musamangonena kuti "nsaluyi si yabwino", pali njira yowerengera imene ogula ndi ogulitsa nsalu padziko lonse amaidziwa, ya mapointi 4, yolembedwa mu muyezo wa ASTM D5430. Vuto lililonse limapatsidwa mapointi malinga ndi kutalika kwake:

Losapitirira mainchi 3, pointi 1.
Loposa mainchi 3 kufika 6, mapointi 2.
Loposa mainchi 6 kufika 9, mapointi 3.
Loposa mainchi 9, mapointi 4.

Chibowo chosapitirira inchi imodzi ambiri amachipatsa mapointi 2, chokulirapo 4. Yadi imodzi siipatsidwa mapointi oposa 4 ngakhale ikhale ndi mavuto ambiri. Mukamaliza mpukutu, phatikizani mapointi onse, muchulukitse ndi 3,600, ndiyeno mugawe ndi zimene mwapeza mutachulukitsa mayadi ndi mulifupi mwa nsaluyo m'mainchi. Yankho lake ndi mapointi pa masikweya yadi 100. Malire odziwika kwambiri ndi 40, koma ogula ena amafuna ochepera pamenepo, choncho onani zimene zili papepala la oda.

Tiyeni tiyese. Mpukutu wa mayadi 100, mulifupi mainchi 58, wapezeka ndi mapointi 32. Tikachulukitsa 32 ndi 3,600 tipeza 115,200. Kugawa ndi 5,800 tipeza pafupifupi 20. Umenewu wadutsa. Wina wa mayadi 50, mulifupi mainchi 44, uli ndi mapointi 28. Pamaso ukuoneka ngati wabwinoko poti mapointi ndi ochepa, koma 100,800 kugawa ndi 2,200 ndi pafupifupi 46. Umenewu ubwerere. Apa ndi pamene masamu amakuthandizani, chifukwa wogulitsa angatsutsane ndi maso anu, koma pepala lokhala ndi nambala ya mpukutu ndi mapointi ake limamuvuta kukana.

Chinthu china chimene ambiri amachiphonya ndi kupendekeka kwa ulusi. Ng'ambani nsalu kumapeto mopingasa, kapena solani ulusi umodzi wopingasa, muone ngati mzerewo ukuyenda molunjika kuchoka mphepete ina kufika ina. Ukapendekeka kwambiri, thalauza losokedwa ndi nsaluyo likachapidwa, msoko wa m'mbali umakhotera kutsogolo kwa mwendo. Pa nsalu ya mizeremizere kapena ya macheke zimaoneka tsiku lomwelo.

Mtundu

Mipukutu iwiri yolembedwa nambala yofanana ya mtundu ikhoza kusiyana ngati inanyikidwa utoto masiku osiyana. Dulani kachidutswa pa mpukutu uliwonse, osati 10 peresenti yokha ayi, mulembe nambala yake, muziyale pamodzi pafupi ndi sampulo ya kasitomala. Zofanana ziikeni gulu limodzi, A, zosiyanako pang'ono B, ndi zina zotero. Lamulo lake ndi lakuti chovala chimodzi chisachokere m'magulu awiri. Malaya amene mkono wake ndi wa gulu A thupi lili la gulu B amaoneka munthu ali patali. Pindaninso nsalu kuti m'mphepete mukhudzane ndi pakati, chifukwa mpukutu umodzi womwewo umatha kukhala wakuda m'mbali, wotuwa pakati.

Kuwala kumene mukuonerako n'kofunika kwambiri. Malabotale amagwiritsa ntchito bokosi la nyali zapadera, ndipo nyali yofanana ndi kuwala kwa masana imatchedwa D65. Ngati mulibe, onerani pamthunzi panja kapena pawindo, m'mawa dzuwa litakwera, osati padzuwa lenileni kapena madzulo kukafiira. Nsalu ziwiri zimatha kufanana pansi pa babu la mufakitale koma n'kusiyana panja, ndiye onani malo onse awiri. Magetsi akazima n'kutsala kababu kamodzi ka jenereta, za mtundu zisiyeni kaye, muchite zoyeza ndi tepi.

Chapani nsalu musanaidule

Apa ndi pamene mayunifolomu ambiri amagwera. Mwana amavala bwinobwino sabata yoyamba ya Sepitembala, koma amayi ake akangochapa kawiri, thalauza lakwera pamwamba pa akakolo ndipo kolala yoyera yasanduka yabuluu.

Dulani chidutswa chokulirapo, kutali ndi m'mphepete ndi kumapeto kwa mpukutu. Jambulanipo bokosi la masentimita 50 mbali zonse ndi cholembera chosafufutika, musonyeze ndi kamuvi kumene kuli m'litali. Chapani mmene mwini chovala adzachapire. Kwa ife kuno ndiye kuti m'beseni, ndi sopo waufa kapena wamtanda, kufinya ndi kuyanika padzuwa. Ikauma, iyaleni osaikoka, muyezenso. Ngati 50 yasanduka 48, yabwerera ndi masentimita 2 pa 50, kumene ndi 4 peresenti. Pa thalauza lotalika masentimita 100, amenewo ndi masentimita 4 athunthu. Ogula ambiri amalola mpaka 3 peresenti pa nsalu ya malaya ndi mathalauza, ndi 5 peresenti pa yotamuka ya matisheti. Ikapitirira, pali njira ziwiri: kuibweza, kapena kuuza wopanga patani kuti awonjezere. Chachikulu n'chakuti adziwe asanadule.

Pochapapo sokererani kansalu koyera ka thonje pa chidutswa china, muone ngati utoto ukuchucha n'kulowa m'koyerako. Yesaninso kukhuta: kulungani kansalu koyera pachala, mukhute pa nsaluyo ka 10 kupita ndi kubwera, kouma poyamba, kenako konyowa. Ku labotale zimenezi amachita ndi makina ndipo amayerekeza ndi sikelo ya mitundu yotuwa yoyambira 1 kufika 5, pamene 5 ndiye kuti palibe chasintha. Yofiira, yakuda ndi buluu wakuda ndi zimene zimavuta kawirikawiri. Ngati kasitomala akufuna umboni wa labotale, funsani a Malawi Bureau of Standards za mayeso amene angakuchitireni, ndipo chitani zimenezo nthawi ikadalipo.

Kulemera kwa nsalu kumayezedwa ndi magalamu pa sikweya mita, zimene pamaoda amalemba kuti GSM. Chodulira chake chimadula kabwalo ka masikweya sentimita 100. Ngati mulibe, dulani bokosi la masentimita 10 mbali zonse, muike pasikelo yaing'ono yoyeza tizigawo ta galamu, muchulukitse ndi 100. Kachidutswa kolemera magalamu 1.6 ndiye GSM 160. Kasitomala akalipira tisheti ya 180 n'kulandira ya 140, wabedwa, ngakhale kusoka kukhale kokongola.

Mukakayika ngati nsalu ndi ya thonje lenileni, tenthani kaulusi panja, kutali ndi sitolo. Thonje limayaka n'kununkha ngati pepala ndi kusiya phulusa lofewa. Poliyesita amasungunuka n'kusiya kampira kolimba. Mayeso amenewa sangakuuzeni ngati msakanizo wa poliyesita ndi thonje ulidi 65 peresenti kwa 35, koma amakugwirirani amene akugulitsa poliyesita yekhayekha m'dzina la thonje.

Patebulo lodulira

Nsalu yotamuka ya matisheti iyenera kumasulidwa pampukutu n'kugona maola 24 isanadulidwe, chifukwa inakulungidwa mokokedwa. Ikadulidwa nthawi yomweyo, zidutswa zimafupika zokha usiku. Onani kuti poyala sakuikoka, kuti mapatani onse alipo ndipo akutsata ulusi wa m'litali, komanso kuti malo amene munamata timapepala awapewa. Akadula, tengani chidutswa cha pamwamba, cha pakati ndi cha pansi pa mulu, muziike pa patani. Mpeni ukapendekeka, zapansi zimakula kapena kuchepa kusiyana ndi zapamwamba. Mitolo ilembedwe saizi ndi gulu la mtundu isanapite kwa osoka.

Chovala choyamba, ndi kuyenda pakati pa makina

Mzere usanayambe kuthamanga, chovala chimodzi chisokedwe mpaka kutha, ndi anthu omwewo, makina omwewo ndi nsalu yomweyo. Chiyaleni patebulo, mabatani atamangidwa, osachikoka, muyeze paliponse pamene pepala lanena. Chifanizeni ndi sampulo. Chikalakwika, chikonzedwe ndipo chisokedwe china. Tsiku limodzi lochedwa pano n'lotsika mtengo kusiyana ndi kusomola makolala 600.

Ntchito ikayamba, musakhale pampando. Yendani makina ndi makina kangapo patsiku, makamaka m'mawa, ikatha nkhomaliro, ndi nthawi iliyonse imene makina akonzedwa kapena munthu wasinthidwa. Pa telala aliyense tengani zidutswa zisanu kapena kuposerapo pa mtolo umene ali nawo. Poyang'ana chovala khalani ndi njira imodzi yosasintha: kolala, phewa, mkono, kutsogolo, mpendero, kumbuyo, kenako mutembenuze muone mkati. Maso akazolowera njira imodzi sadumpha malo.

Ikani rula pamsoko muwerenge mabayidwe a singano pa inchi imodzi. Pa malaya kawirikawiri amakhala 10 mpaka 12. Akachepa, msoko umafooka, ndipo telala amene akulipidwa pa chiwerengero cha zimene wasoka amakopeka kutalikitsa kuti athamange. Gwirani msoko mbali zonse mukoke pang'ono. Ukayasama n'kuonetsa ulusi ngati mano, tenshoni, kumene ndi kukokeka kwa ulusi pamakina, yalekerera. Ulusi ukaduka, yamanga kwambiri. Msoko ukakhwinyata, yang'anani tenshoni, singano ndi mmene telala akukokera nsalu. Makina akamadumpha, kawirikawiri singano yapindika, yabuntha kapena yaikidwa molakwika. Nsalu yopyapyala ya malaya imafuna singano yaing'ono monga ya nambala 70 kapena 80, ya ovololo imafuna 100 kapena 110, ndipo ya matisheti imafuna singano ya nsonga yobulungira. Yakuthwa imadula ulusi wa nsaluyo n'kusiya timabowo m'mbali mwa msoko, timene timaoneka bwino chovala chikachapidwa. Kokani msoko wa tisheti moyang'ana kuwala, mudzationa.

Pindani malaya pakati kuti nsonga za kolala zikumane, mapewa akumane, mikono ikumane. Kusiyana kulikonse kumaonekera pompo. Pa yunifolomu ya mwana, malo oyamba kung'ambika ndi m'khwapa, pakati pa miyendo ndi m'makona a matumba, ndiye onani kuti pamenepo alimbitsa. Kokani batani lililonse. Pa zovala za ana, ogula akunja ambiri amafuna batani lipirire kukokedwa ndi mphamvu ya manyutoni 90, pafupifupi kulemera kwa makilogalamu 9, chifukwa mwana akhoza kumeza batani lothothoka. Zipi itsekeni ndi kuitsegula katatu.

Mmene mumalankhulira ndi osoka ndi theka la ntchitoyi. Ambiri mwa iwo anayamba kusoka inu musanamalize sukulu, ndipo chovala chobwezedwa chimawadula ndalama. Musaponye chovala pamakina a munthu kapena kumukalipira anzake akumva. Pitani nacho, muwerame pafupi, munene kuti, "Amayi, tandionerani thumba ili, lapendekera kumanzere ndi theka la sentimita. Kodi ndi chizindikiro cha pa patani kapena ndi gaidi ya makina?" Nthawi zambiri iwo amadziwa kale gwero lake, ndipo mwina ananenapo koma palibe anawamvera. Akakuonani kuti mukufuna gwero la vuto, osati munthu womunamizira, adzayamba kukuitanani okha akaona nsalu yokayikitsa. Koma ulemu usasanduke kulekerera. Chimene mwabweza kwa mlendo mubwezenso kwa mnzanu amene mumadya naye chipisi pa nkhomaliro, poti mzere wonse umaona.

Singano ikathyoka, makina aime. Zidutswa zonse zipezeke, zimatidwe m'buku ndi selotepi, palembedwe tsiku ndi nambala ya makina, kenako telala alandire yatsopano. Kachidutswa kakasowa, zovala zonse zimene zinali pafupi zipatulidwe ndi kusecha ndi maginito kapena makina ozindikira chitsulo. Pamenepa palibe kukambirana.

Kusita ndi kulongedza

Simbi yotentha kwambiri imasiya chizindikiro chonyezimira pa poliyesita wakuda, ndipo sichichoka. Chovala chositidwa ndi nthunzi chizizire ndi kuuma chisanalowe m'pulasitiki. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, chinyezi chotsekeredwa m'pulasitiki chimabala nkhungu ndi fungo. Makatoni akhale pa mapaleti, osagunda khoma. M'miyezi ya fumbi, zoyera monga mabulauzi a amayi a Chigwirizano ndi zovala za anamwino zizikhala zovindikira nthawi zonse, chifukwa dothi lofiira la kuno likalowa m'nsalu yonyowa ndi nthunzi limakanirira. Onaninso kuti saizi ya palebulo, ya papulasitiki ndi ya pakatoni ndi imodzi.

Mayeso otsiriza

Katundu akalongedzedwa, simutsegula chilichonse. Mumatenga gawo mwachisawawa motsatira mndandanda wa AQL, umene umanena zovala zingati mutenge ndi zolakwika zingati zingaloledwe, wochokera mu muyezo wa ISO 2859-1. Pa mlingo wamba umene ambiri amagwiritsa ntchito, oda ya zovala 281 mpaka 500 mumatengapo 50, ya 501 mpaka 1,200 mumatengapo 80, ya 1,201 mpaka 3,200 mumatengapo 125. Tengani m'makatoni osiyanasiyana, masaizi onse ndi mitundu yonse, ndipo makatoniwo lozani nokha.

Zolakwika zimagawidwa patatu. Zoopsa ndi zimene zingavulaze munthu, monga kachidutswa ka singano. Chimodzi chokha chimagwetsa katundu yense. Zazikulu ndi zimene zingachititse wogula kubweza chovala: chibowo, msoko womasuka, saizi yolakwika, dontho loonekera, zipi yosayenda. Zazing'ono ndi monga ulusi wosadulidwa kapena choko chosafufutidwa. Ambiri amaika AQL 2.5 pa zazikulu ndi 4.0 pa zazing'ono. Pa malaya 1,000 mutenga 80. Zazikulu zikakhala 5 kapena kuchepera, katundu wadutsa, zikafika 6 wagwa. Zazing'ono malire ake ndi 7. Pa 50 malire ndi 3 ndi 5, pa 125 ndi 7 ndi 10.

Katundu akagwa, makatoni onse amatsegulidwa, chovala chilichonse chionedwe, zolakwika zikonzedwe, ndiyeno mutengenso gawo latsopano. Kukonza 6 zokha zimene munapeza n'kutseka makatoni n'kudzinamiza, chifukwa 6 pa 80 zikutanthauza kuti m'makatoni otsalawo muli zina zambiri.

Abwana akati katundu apite basi

Zidzachitika, makamaka mu Ogasiti sukulu zili pafupi kutsegulidwa, galimoto ili pageti ndipo kasitomala akuimba foni. Mudzamva kuti, "Ingosainani, zimenezi sangazione." Musakangane, ndipo musasaine kuti katundu wadutsa pamene wagwa. Lembani zimene mwapeza: zovala zingati mwaona, zolakwika zingati, zamtundu wanji, ndi zithunzi zake. Kenako nenani mwaulemu kuti, "Bwana, lipoti langa ndi ili. Ngati mwaganiza kuti apite, lembani pansipa kuti mwalola ndinu." Mwini fakitale ali ndi ufulu wopanga chiganizo chimenecho, kapena kuimbira kasitomala n'kumufotokozera kuti asankhe yekha. Nthawi zambiri mukhoza kuthandizanso ndi njira: makatoni a masaizi amene alibe vuto apite lero, otsalawo mawa. Wogulitsa nsalu akakupatsani ya fanta kuti mpukutu wake udutse, kanani, ndipo muwauze abwana tsiku lomwelo.

Malipoti amenewa musamangowaunjika m'kabati. Loweruka lililonse werengani kuti vuto lililonse labwera kangati, pa makina ati ndi pa nsalu ya wogulitsa uti. Mudzapeza kuti mavuto awiri kapena atatu ndi amene akubweza zovala zambiri. Lolemba m'mawa khalani pansi ndi kapitawo, makaniko ndi wodula, muwaonetse chiwerengerocho ndi zovala zenizeni zitatu, mugwirizane vuto limodzi loti lithe sabata imeneyo ndi munthu amene alikonze. Ngati ndi madontho a oilo, makaniko aone makinawo, ndipo madzulo aliwonse telala azisiya kansalu pansi pa phazi la makina kuti m'mawa muone ngati adontha.